Mapepala a ku Ndola amafika bwanji kuno kwathu?

NaSakala: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndili ndi ntchito ya kusukulu imene yandiimitsa mutu. Atiuza kuti aliyense asankhe bungwe limodzi lofufuza za matenda, awerenge mapepala amene linasindikiza, aone kuti ofufuza ena anawatchula kangati, ndiye anene ngati bungwelo lili ndi mphamvu kapena ayi. Ine ndatenga TDRC ya ku Ndola. Kuwerenga ndikuwerenga, malo osakira mapepala a kafukufuku pa intaneti, PubMed ndi Google Scholar, ali pafoni pompa. Koma mtima sukundikhala. Kwathu ku Mchini ndikafunsa munthu kuti TDRC n'chiyani, angondiyang'ana chabe. Ndiye mphamvuyo ili kuti?

A Zulu: Ine ndine mmodzi wa oyang'anawo kkkk. TDRC ndiye chinyama chanji?

A Jere a ku labu: Tropical Diseases Research Centre, a Zulu. Anaiyambitsa ndi a WHO pamodzi ndi boma lathu mu 1975, nthawi ya a Kaunda, ndipo mu 1981 inakhala m'manja mwa Zambia. Malabu ake ali m'chipatala chachikulu cha ku Ndola. Anayamba ndi malungo, likodzo ndi kaodzera, kenaka kunabwera HIV, TB ndi za kadyedwe. Ali ndi malo ena ogwirirako ntchito ku Nchelenge, kumene malungo sapereka mpata chaka chonse.

A Mwansa: Anachita dala kuiika ku Ndola. Akanaiika ku Chipata mbewa zonse za m'labu mukanaziwamba usiku umodzi.

A Zulu: Ambuya athu ayamba. Ingotiuzani kuti anyani a kumeneko anapulumuka bwanji.

A Mwansa: Anathawira ku Mfuwe, tikuwatsatira kkkk

Anesi Opuma: Chimbuya chanucho chiyambe chadikira, mwana wafunsa funso lenileni. Mwana wanga, tiuze kaye kuti manambala amene akuuza kuti uwerengewo amawerengedwa bwanji. Ife tinaphunzira kale, zimenezi kunalibe.

NaSakala: Zikomo amai. Alipo atatu. Loyamba ndi kuchuluka kwa mapepala. Lachiwiri ndi kutchulidwa: munthu wina akalemba pepala lake, n'kunena kumapeto kuti mfundo iyi ndaitenga kwa akutiakuti, ndiye kuti akutiakutiwo atchulidwa kamodzi. Lachitatu amati h-index. Ukakhala ndi h-index ya 20 ndiye kuti uli ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. Anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch wa ku America mu 2005, ndipo iye anali wa fizikisi, sanali dokotala n'komwe. Pa TDRC ndikuona kuti malungo ndi HIV ndiye zadzaza, ndipo mapepala otchulidwa kwambiri ndi aja olembedwa ndi gulu lalikulu la anthu a m'maiko angapo.

A Mvula aphunzitsi: Ine za h zimenezo sindilowamo. Koma ndifunse: likodzo mwatchula lija, mankhwala ake ndi aja timapatsa ana kusukulu? Tsiku limenelo sukulu imasanduka kliniki. Timaimika ndodo yolembedwa mizere pakhoma, mwana aliyense amaima pamenepo, pamene mutu wake wafika ndi pamene pakuuza kuti amwe mapilitsi angati. Mapilitsi ake aakulu, oyera, owawa ngati chiyani. Timauziratu makolo kuti mwana asabwere ndi njala, chifukwa akamwa m'mimba mulibe kanthu amachita chizungulire, ena kusanza. Chaka china tinachita kuphika phala pasukulu pompo chifukwa ambiri anabwera osadya. Koma anyamata aja ankakodza magazi n'kumaseka okhaokha kumadambo masiku ano ndi ochepa kusiyana ndi m'mene ndinkayamba ntchito.

A Jere a ku labu: Ndi omwewo aphunzitsi, dzina lake praziquantel. Ndipo mwaponda pamene ndimafuna. Mankhwalawo anapangidwa ku Germany ndi makampani a Bayer ndi Merck m'zaka za m'ma 1970. Koma kupanga mankhwala ndi kwina, kudziwa kuti agwira pa munthu wodwala likodzo la m'chikhodzodzo ndi kwina. Kuyesa koyamba pa odwala likodzo la mtundu umenewu kunachitikira ku Ndola, pa TDRC yomweyi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu Bulletin of the World Health Organization mu 1979. Ndiye NaSakala, taganiza. Mwana aliyense amene amaima pa ndodo ya a Mvula, kuno, ku Malawi, ku Nigeria, akudya zipatso za ntchito imene mbali yake inagwiridwa ku Ndola. Koma ndani lero polemba za likodzo amavutika kutchula pepala la 1979? Zinalowa m'mabuku, zinasanduka chinthu chodziwa aliyense. Pepala likapambana kwenikweni anthu amasiya kulitchula.

NaSakala: Eeh amalume, ichi sindimachidziwa. Ndachipeza manje manje, chilipodi.

A Mvula aphunzitsi: Zaka zonsezi ndikugawa mankhwala oyesedwa ku Ndola osadziwa. Pabokosi sipalembedwa.

A Phiri a ku Johannesburg: Ndaona uthenga mochedwa, ndinali m'kalasi. A Jere mwanena zoona koma ndikuopa kuti mwana atenga mfundo yakuti manambala alibe ntchito, ndipo akalemba zimenezo alephera. Manambala ali ndi ntchito. Bungwe limene silisindikiza ndiye kuti ntchito yake palibe amene waiona ndi diso lokayikira. Pepala lisanatuluke m'magazini yeniyeni limapita kwa akatswiri ena awiri kapena atatu amene sukuwadziwa, amalikhadzulakhadzula, amakufunsa kuti odwala unawasankha bwanji, amene anasowa pakati anapita kuti, masamu ako unawachita bwanji. Lipoti longotsekera m'kabati ya ofesi palibe amene amalifunsa zimenezo. Komanso opereka ndalama akamasankha kuti apatse ndani, amayang'ana manambala omwewo. Tingadandaule koma masewerawo ndi amenewo.

Ndipereke chitsanzo cha TDRC yomweyo. Mu 1997 ndi 1998 panachitika kafukufuku wa m'mizinda inayi: Cotonou ku Benin, Yaoundé ku Cameroon, Kisumu ku Kenya ndi Ndola. Funso linali lakuti n'chifukwa chiyani HIV yafala kwambiri ku Kisumu ndi ku Ndola kusiyana ndi mizinda iwiri inayo. Anthu ambiri ankaganiza kuti yankho ndi chiwerewere basi. Zotsatira zinatuluka mu 2001 m'magazini ya AIDS, ndipo zinaonetsa kuti khalidwe lokha silikufotokoza kusiyanako. Chimene chinaonekera n'chakuti ku Cotonou ndi ku Yaoundé pafupifupi amuna onse ndi odulidwa, pamene ku Ndola ndi ku Kisumu odulidwa ndi ochepa, komanso matenda a zilonda za kumaliseche a herpes anali ochuluka m'mizinda yovutikayo. Mapepala amenewo anatchulidwa kwambiri, ndipo kutchulidwako ndi kumene kunathandiza kukankha anthu kuti ayese nkhaniyi mwadongosolo ku Orange Farm kuno ku South Africa, ku Kisumu ndi ku Rakai ku Uganda. Anapeza kuti mdulidwe umachepetsa mpata woti mwamuna atenge HIV kwa mkazi ndi pafupifupi 60 pa 100 alionse. Mu 2007 a WHO anauvomereza. Lero anyamata achichewa ndi achingoni, amene makolo awo sankadziwa mdulidwe, akuima pamzere kukliniki nthawi ya holide. Pamenepa kutchulidwa ndi kusintha kwa zinthu zinayendera limodzi.

A Zulu: Ndiye amene anatibweretsera zimenezi ndi a ku Ndola? Ndimadziwa ine kuti muli Abemba m'katimo.

A Mwansa: Tinakuthandizani, thokozani.

A Jere a ku labu: A Phiri, sindikukana. Koma tsegulani mapepala a mizinda inayiwo muone maina amene ali patsogolo. Ambiri ndi a ku Ulaya. La 1979 lija chimodzimodzi. Athu alipo, koma pakati. Ndipo ife a m'labu nthawi zambiri sitifika ndi pakati pomwe. Ndinagwirapo ntchito pa kafukufuku wina, sinditchula kuti wa ndani. M'mawa kukhala pa maikulosikopu, galasi ndi galasi, kuwerenga tizilombo ta malungo mpaka maso kuchita mdima. Magetsi akazima kuthamangira jenereta kuti magazi a mufiriji asaonongeke, nthawi zina pakati pa usiku, pa njinga. Pepala litatuluka ndinalipeza ndekha pa intaneti. Dzina langa linali kumapeto kwenikweni pamalo othokoza, m'chiganizo chimodzi ndi madalaivala. Sindikunyoza madalaivala, anavutika nawonso. Koma manambala onse a m'pepalamo anatuluka m'maso mwangamu. Ndiye mukamawerenga kutchulidwa, kukupita kwa ndani?

A Phiri a ku Johannesburg: Pamenepo sinditsutsa, amalume. Zilipo ndipo zili ndi mbiri yoipa: kubwera pandege, kutenga magazi, kukalemba kwawo. Magazini ena akuluakulu tsopano amafunsa ngati pali olemba a m'dziko limene kafukufuku anachitikira. NaSakala, ichi ukhoza kuchiyeza ndi manambala omwewo. Pa mapepala ako onse, werenga kuti ndi angati amene dzina loyamba kapena lomaliza ndi la munthu wa pa TDRC. Loyamba ndi amene anagwira ntchito yaikulu yolemba, lomaliza kawirikawiri ndi mkulu wa gululo. Uchite zaka khumi khumi, uone ngati zikusintha. Zimenezo zikuuza zambiri kuposa h-index.

NaSakala: Ichi ndichita. Vuto mapepala ena akutseguka mutu wokha, mkati akufuna ndalama.

A Phiri a ku Johannesburg: Funsa ku laibulale ya kusukulu kwanu za Hinari. A WHO anaiyambitsa mu 2002 kuti masukulu ndi zipatala za m'maiko ngati lathu ziziwerenga magazini amenewa. Chimene chimapweteka kwambiri ndi mbali inayo: magazini ambiri owerenga mwaulere amalipiritsa wolemba, madola opitirira 1,000 pepala limodzi, ena kuposa pamenepo kutalitali. Ena amakhululukira olemba a m'maiko osauka, koma si onse. Ndiye wofufuza wopanda bwenzi la kunja amakaika ntchito yake mu Medical Journal of Zambia, madokotala athu amaiwerenga, koma makina owerengera kutchulidwa aja saiona bwino.

Amake Dalitso: Pepani ndilowerere ine wosaphunzira. Inu mukukangana za maina pa pepala. Ine funso langa ndi magazi. Kumudzi kwathu kunabwera anthu ndi galimoto yoyera, anakumana ndi anyakwawa, anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango. Anawerenga chikalata m'Chinyanja, tinadinda chala, anatenga magazi a ana ndi athu omwe, anatipatsa sopo. Anati tidzabwera kudzakuuzani zimene tapeza. Mwana amene ndinali naye kumbuyo tsiku limenelo pano akulemba mayeso a giredi 7. Sanabwerenso. Ndiye ena akabwera mawa anthu n'kuyamba kunena za Satanism, mudzati anthu akumudzi ndi mbuli? Munthu watenga magazi ako wapita nawo osabweranso, uganiza chiyani?

Anesi Opuma: Amake Dalitso mwalankhula. Ine ndinaona ndi maso anga amai akuthawitsa ana kumunda atamva kuti kwabwera otenga magazi. Ndipo amene amavutika pambuyo pake ndi ife a pakliniki, chifukwa tsiku la katemera anthu amatiphatikiza ndi omwewo.

A Phiri a ku Johannesburg: Amai, amenewo analakwa, palibe chowaikira kumbuyo. Lamulo lilipo tsopano, National Health Research Act la 2013, limene linakhazikitsa National Health Research Authority. Kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa asanayambe, ndipo magazi satuluka m'dziko popanda chilolezo. Koma kubwerera kumudzi kukanena zotsatira palibe amene amakupatsa mamakisi. Ndalama ya ulendo umenewo imakhala itatha, ofufuza ali kale pa ntchito ina. Pepala la Chingerezi limawerengedwa pa CV, msonkhano wa pansi pa mango suwerengedwa.

Amake Dalitso: Ndiye auzeni owerengawo ayambe kuuwerenga. Ngakhale pa Breeze FM akanangonena madzulo amodzi tikanamva.

A Tembo a ziweto: Odi. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mukuyang'ana ku Ndola pamene kafukufuku wina womveka dziko lonse wachitikira pakhomo pathu, ku Katete, ku Sinda ndi ku Petauke. Nkhani ya masese a nkhumba. A sukulu ya za ziweto ya UNZA, monga a Kabemba Mwape, akhala akugwira ntchito imeneyi zaka zambiri pamodzi ndi anzawo a ku Ghent ndi ku Antwerp ku Belgium.

Amene simunawetepo nkhumba, nkhani ili chonchi. Munthu ali ndi njoka ya m'mimba ija yaitali yaphanthiphanthi. Akachita chimbudzi kutchire, mazira ake amatsala pamenepo. Nkhumba yoyendayenda yadya, mazira aja amasanduka timatuza toyera m'nyama, ndiwo masese. Munthu wadya nyamayo yosapsa bwino, njoka yamera m'mimba mwake, zayambiranso. Choopsa kwenikweni ndi pamene munthu wameza mazirawo mwiniwake, kudzera m'manja osasamba, ndiwo zamasamba kapena madzi. Timatuzato timakamera mu ubongo, munthu amayamba kugwa khunyu. A WHO amati kumadera kumene njokayi ili yofala, pafupifupi 30 pa anthu 100 alionse a khunyu gwero lake ndi limeneli. Ndipo ungadwale ngakhale sudya nkhumba, bola m'nyumba muli wina amene ali ndi njokayo.

A Zulu: Imani kaye a Tembo. Khunyu? Ife timadziwa kuti khunyu ndi za kubanja kapena munthu anakuponyera.

A Tembo a ziweto: Ndi zimene ambiri amadziwa, a Zulu, ndipo n'chifukwa chake amathera mbuzi kwa asing'anga. Si khunyu lonse, koma gawo lalikulu. Tsono ku Katete anayesa kumenya mbali zonse nthawi imodzi: anthu kumwa mankhwala a njoka, nkhumba kupatsidwa mankhwala opha masese a oxfendazole ndi katemera, ndi maphunziro m'midzi. Pomaliza atapha nkhumba za m'midzi imeneyo n'kuziyeza, masese amoyo anali atasowa. Zinatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2020, imodzi mwa magazini zolemekezeka kwambiri pa za udokotala, ngakhale inali kalata yaifupi chabe. NaSakala, pa manambala ako chimenecho ndi chigoli chachikulu. Koma ndipite nawe ku midzi yoyandikana nayo lero ukaone nkhumba zikuyenda m'misewu ngati kale. Katemerayo ndi mankhwalawo mlimi wamba sawapeza m'shopu ya pafupi. Umboni ulipo wakuti zingatheke. Amene angalipire kuti zichitike chigawo chonse ndiye sanaoneke.

A Mvula aphunzitsi: Mankhwala a njokawo ndi omwe aja a likodzo?

A Tembo a ziweto: Praziquantel amapha zonse ziwiri, inde.

Anesi Opuma: Ndipo pamenepo aphunzitsi mumvetsere. Mwana amene amagwa khunyu kapena amadandaula mutu kwambiri nthawi ndi nthawi, musamangomupatsa mapilitsi aja pamzere. Muziuza azaumoyo amene abwera nawo. Ngati ali ndi timatuza mu ubongo, mankhwalawo akhoza kumuutsira kukomoka. Izi nazonso tinazidziwa chifukwa wina anafufuza n'kulemba.

NaDaka wa ku Petauke: A Tembo mwasiya chokoma. Kwathu kuno anafufuzanso chifukwa chake anthu sagwiritsa ntchito zimbudzi ngakhale zilipo. Zinatuluka mu 2015. Anapeza kuti amuna ambiri amachita manyazi kulowa chimbudzi chimodzi ndi apongozi awo, kapena kuonedwa ndi ana akulowamo, ndiye amasankha tchire. Ine nditawerenga ndinaseka ndekha, chifukwa ichi ambuya anga akanawauza mwaulere popanda ndege yochokera ku Belgium. Mkamwini wa chikamwini, ali pamudzi pa akazi ake, alowe chimbudzi chimene apongozi akazi atulukamo kumene? Koma pambuyo pake ndinaganiza kuti mabungwe akhala akuwerenga zimbudzi zomangidwa zaka zonsezi n'kumadabwa kuti matenda sakutha. Zimene ambuya amadziwa sizifika pa tebulo la unduna mpaka wina azilembe m'Chingerezi.

A Zulu: Kkkk koma za apongozi ndi zoona. Ine ndinamanga ziwiri, nkhani inatha.

NaDaka wa ku Petauke: Mwaona, a Zulu atha kafukufuku yense ndi makasu awiri.

A Lungu a ku Mfuwe: Ine ndibwezereko ku funso la mwana. Ngati muyeza ndi kutchulidwa, matenda athu a kuno kuchigwa adzakhala kumchira mpaka kalekale. Kaodzera wa mtundu wathu, uja wopha msanga, anayamba kudziwika ndi asayansi chifukwa cha munthu amene anamutenga m'chigwa cha Luangwa chomwechi. Anamutcha Trypanosoma rhodesiense mu 1910, ndipo mu 1912 asayansi awiri, Kinghorn ndi Yorke, akugwira ntchito m'chigwa muno, anaonetsa kuti amafala ndi kashembe wathu yemweyu. Zaka zoposa 100 zapita. Odwala ndi ochepa pachaka, ndi alimi, asodzi, oyang'anira nyama zakutchire. Ofufuza za matendawa padziko lonse mukhoza kuwasonkhanitsa m'holo imodzi. Ndiye pepala lako ngakhale likhale labwino bwanji, adzakutchula ndani? Pamene wolemba za HIV ali ndi anthu zikwizikwi oti amutchule.

Koma munthu akadwala kuno amayamba wamwa mankhwala a malungo kawiri katatu asanaganize za kaodzera, chifukwa zizindikiro zimafanana. Akafika pozindikira, tizilombo talowa mu ubongo. Mankhwala akale a pamenepo, melarsoprol, ali ndi arsenic, obaya mumtsempha, ndipo okha ankapha pafupifupi wodwala mmodzi pa 20 alionse. Tsopano kuli mapilitsi a fexinidazole. Anawayesa ku Rumphi ku Malawi ndi ku Uganda pa odwala osakwana 50, ndipo a WHO anawaika m'malangizo awo mu 2024. Kafukufuku wa anthu osakwana 50! Pa sikelo ya NaSakala ndi kanthu kakang'ono. Kwa ife ndi nkhani yaikulu kuposa zonse mwatchulazi.

A Phiri a ku Johannesburg: Mfundo ya a Lungu ndi yolondola ndipo odziwa kuyeza amaidziwa. N'chifukwa chake suyenera kufanizira pepala la kaodzera ndi la HIV, umalifanizira ndi anzake a kaodzera. Ngakhale mu 2012 asayansi ndi akonzi a magazini anagwirizana ku San Francisco kuti anthu asiye kuyeza munthu ndi dzina la magazini imene wasindikizamo. Ambiri anasaina. Kusiya ndiye sanasiye.

Anesi Opuma: Ine ndiyankhe monga munthu amene anagwira ntchito m'wodi ya ana. Kafukufuku ndinkamudziwa tsiku limene kalata yabwera kuchokera ku unduna kuti kuyambira lero chitani chakuti. Chloroquine tinamugawa zaka zambiri, kenaka ana anayamba kubwerera sabata yomweyo thupi lili moto. Tinkaona, koma kuona kwa nesi sikusintha lamulo. Anayeza m'zipatala zosiyanasiyana, manambala anatuluka, ndipo mu 2002 boma linasankha Coartem, Zambia n'kukhala dziko loyamba mu Africa kumutenga ngati mankhwala oyamba a malungo m'dziko lonse. Chinanso ndi Septrin. A Professor Chifumbe Chintu ndi anzawo ku UTH anayesa kupatsa ana a HIV Septrin tsiku lililonse. Imfa zinatsika ndi 43 pa 100. Zinatuluka m'magazini ya za udokotala ya Lancet mu 2004, ndipo chaka chomwecho a WHO ndi UNICEF anasintha malangizo. Nthawi imeneyo ma ARV a ana kunalibe kwenikweni kuno. Kamankhwala kotchipa kamene kanali kale pa shelefu. Ndinaona ana amene tinkati sadzafika Khrisimasi akubwera kusikelo chaka chotsatira akuyenda okha. Dzina loyamba pa pepala limenelo ndi la Mzambia, a Jere, mtima ukhaleko pansi pang'ono.

A Jere a ku labu: Limenelo ndimalinyadira amai. Ndipo posachedwapa chipatala chathu cha Chipata Central chinali nawo pa kafukufuku wa ana a malungo a mu ubongo, pamodzi ndi Lusaka ndi Blantyre. Anayesa kupereka paracetamol ndi ibuprofen pa nthawi yake osadikira kuti thupi litenthe kaye, ndipo kutentha ndi kukomoka kobwerezabwereza zinachepa. Zinatuluka mu 2024. Izi ndi za ana ogonekedwa m'wodi, pamaso pa madokotala, wina asakayese kunyumba.

Amake Dalitso: Mwaona, ndi Chipata yomweyi, koma ndikumvera pa WhatsApp.

A Banda alimi: Ine ndine mlimi chabe koma ndinene. Pa Msekera apa pali ofufuza a zaulimi. Sindinawerengepo pepala lawo ngakhale limodzi. Koma funsani mai aliyense wogulitsa nshawa pa Kapata kuti mbewu ya MGV4 n'chiyani, akuuzani, ndipo M ameneyo ndi Msekera. Mbewu yawo ili m'munda mwanga, dzina lawo lili pathumba. Azaumoyowa vuto lawo n'lakuti chimene apeza chimafika kwa ife chitavala yunifomu ya unduna kapena bokosi la kampani ya kunja, dzina la amene anafufuza litafufutika.

A Phiri a ku Johannesburg: A Banda mwaiponya patali. Koma palinso nkhani ya amene amalipira. Gawo lalikulu la kafukufuku wa zaumoyo m'Zambia limayendera ndalama zakunja, ndipo mwini ndalama ndi amene amasankha funso. Onani tsidya la Mwami: bungwe lofufuza za matenda la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre lakhala ndi wothandiza mmodzi wokhazikika kuyambira 1995. N'chifukwa chake anatha kutsatira ana pafupifupi 28,000 pa katemera wa tayifodi, zotsatira n'kutuluka mu 2021, Malawi n'kuyamba kubaya ana dziko lonse mu 2023. Bungwe la boma lodikira bajeti ndi timapulojekiti ta zaka zitatu silingathamange liwiro limenelo, ndipo ukawaika pa sikelo imodzi osanena zimenezi ukunama ndi manambala oona. Tinaonanso kumayambiriro kwa 2025 America itaimitsa thandizo lake, ntchito zambiri zinaima mwadzidzidzi.

A Jere a ku labu: Anzanga angapo a m'labu anakhala pakhomo nthawi imeneyo. Mafiriji odzaza magazi a zaka zambiri, osadziwa kuti mafuta a jenereta agula ndani.

NaSakala: Ndiye a Phiri, ndikalemba kuti h-index yokha sikwanira, aphunzitsi anga sandidula mamakisi?

A Phiri a ku Johannesburg: Apatse kaye manambala amene apempha, onse, mwaukhondo. Kenaka uwonjezere tebulo lako: pepala liti linalowa m'malangizo a WHO kapena a unduna, chaka chiti. Yamba ndi la 1979.

A Jere a ku labu: Ndipo uwerenge maina a pamalo othokoza. Ndikunena zoona, osaseka.

A Zulu: Ine zanga zatsala pa nkhumba. A Tembo, ogula nkhumba aja amaigwetsa pansi, kuika mtengo m'kamwa n'kukoka lilime kuyang'ana pansi pake. Lilime likakhala loyera ndiye kuti nyama ili bwino, si choncho? Chifukwa Loweruka ndili ndi alendo.

A Tembo a ziweto: Ayi a Zulu. Lilime limagwira nkhumba imene masese adzaza thupi lonse. Imene ili ndi ochepa imadutsa bwinobwino, ndipo zimenezi anaziyeza m'Zambia momwe muno poyerekeza lilime ndi kuchekacheka nyama yonse. Mukapha, chekani nyama ya m'masaya, mtima ndi ya paphewa muyang'ane. Mukaona timatuza musagulitse, musapatse agalu. Mukapanda kuona, muiphikebe mpaka ipse mkati, pasakhale pofiira. Yowotcha pamakala mudule tizidutswa ting'onoting'ono, chifukwa chinthuli chachikulu chimapserera kunja mkati muli mwazi.

A Mwansa: Kapena ingobwererani ku mbewa zanu, zilibe masese.

A Tembo a ziweto: Lachisanu ndidzakhala ku Sinda. Amene muli ndi nkhumba kumeneko ndipo mukufuna tione za khola, mundilembere kumbali, musadzaze gulu.